Kodi maphunziro a kunja amakulitsadi munthu, kapena ndi pepala chabe? Yankho kwa mlangizi wa zaulimi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene amagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'chigawo chapakati, ndipo anandilola kuwayankha poyera popanda kutchula dzina lawo. Mayiwa ali ndi digiri yoyamba ya ku Bunda, agwira ntchito zaka 6, ali pabanja ndipo ali ndi mwana wa zaka 4. Akuganiza zofunsira thandizo la maphunziro kuti akachite digiri yachiwiri ku Britain, koma mtima ukuwakayikitsa chifukwa anzawo awiri amene anapita kunja anabwerera pa desiki yomwe ija ndi giredi yomwe ija. Funso lawo analilemba motere: "Kodi kunjako munthu amakuladi m'maganizo ndi pantchito, kapena timangosiya ana chaka chathunthu chifukwa cha pepala ndi zithunzi za pa Facebook?"

Mayi, yankho langa ndi lakuti munthu amakuladi, koma kukulako sikuonekera pamalipiro msanga monga mmene abale amaganizira akamakuperekezani ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Ndikuyankha ngati munthu amene anachita digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka madzi ku Scotland kwa chaka chimodzi, n'kubwerera kudzagwira ntchito ya ulimi wamthirira kuno kwathu. Choncho zimene ndinene zikukhudza kwambiri Britain, pakuti amene anaphunzira ku Japan, ku China kapena ku South Africa ali ndi zawo zoti afotokoze.

Chinthu choyamba chimene chinasintha mwa ine chinayamba ndi manyazi. M'mayunivesite ambiri a ku Britain, munthu wa digiri yachiwiri amakhoza akapeza malikisi 50, ndipo 70 ndiye kukhoza mwapamwamba. Ine, amene kuyambira ku sekondale ndinazolowera kukhala m'gulu la otsogola, nkhani yanga yoyamba inabwerako ndi 52. Mphunzitsi analemba m'munsi kuti ndinasonyeza bwino zimene akatswiri asanu ananena, koma sanapeze pena paliponse pamene ndinanena zimene ineyo ndikuganiza ndi chifukwa chake. Ndinakhumudwa masiku angapo, kenako ndinavomereza kuti ankanena zoona. Ambirife tinakula ndi kuloweza manotsi ndi kuwabweza pa mayeso momwe analiri, ndipo sindikunena izi ponyoza aphunzitsi athu, pakuti munthu amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi ndi mabuku owerengeka sangathe kukambirana ndi mwana aliyense payekha. Koma zotsatira zake n'zakuti timafika pa digiri tisanaphunzire kuima pa ganizo lathu ndi kuliteteza ndi umboni.

Kumeneko kalasi imakhala ya anthu ochepa, mumapatsidwa zowerenga pasadakhale, ndipo mukafika amayembekezera kuti mulankhule, ngakhale kutsutsa mphunzitsi amene, pamwamba pa zonse, amafuna kuti muzimuitana ndi dzina lake loyamba. Kwa munthu woleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, zimenezi zinanditengera miyezi iwiri. Chodabwitsa n'chakuti mwambi wakuti safunsa anadya phula ndi wathu womwe, koma m'kalasi ndi mu ofesi timauiwala. Pali nkhani inanso imene ndikuchenjezeni msanga: kukopera mawu a wolemba wina osatchula mwini wake ndi mlandu waukulu kumeneko, ntchito zimadutsa m'makina monga Turnitin, ndipo munthu angachotsedwe sukulu pa chinthu chimene kwathu ena amachiona ngati chaching'ono. Chizolowezi chofunsa kuti "nambala imeneyi yachokera kuti" ndinachitenga kumeneko, ndipo mpaka lero ndicho chimandithandiza kwambiri pantchito kuposa phunziro lina lililonse limene linalembedwa pa satifiketi.

Chachiwiri, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa mpamene pagona yankho la funso lanu, ndi kuona kwanu muli patali. Ndisanapite ndinkagwira ntchito ndi alimi a mpunga m'masikimu amthirira, ndipo ndinali ndi yankho langa lokonzeka la chifukwa chimene ngalande zimadzaza matope boma likangosiya sikimu m'manja mwa alimi: ndinkati anthu athu sakonda kusamala chinthu cha gulu. Aliyense amene anayendako ku Likangala, ku Domasi, ku Wovwe kapena ku Muona anamvapo mawu otere kwa ogwira ntchito a boma. M'kalasi ndinakumana ndi ntchito ya Elinor Ostrom, mayi wa ku America amene mu 2009 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma, ndipo kafukufuku wake ndi anzake ku Nepal anasonyeza kuti masikimu oyendetsedwa ndi alimi eni ake nthawi zambiri ankayenda bwino kuposa a boma, ngakhale kuti a bomawo anali ndi ngalande za simenti. Chinsinsi chake chinali m'malamulo: ndani anawapanga, ndani amalondera madzi, wakuba madzi usiku amalangidwa bwanji, ndiponso ngati mlimi wa kumunsi kwa ngalande ali ndi mawu ofanana ndi wa kumtunda. Mnzanga wina wa ku India anafotokoza mikangano ya kwawo, ndipo ndinamva ngati akunena za sikimu imene ndinaisiya kumudzi. Tsiku limenelo ndinasiya kuimba mlandu chikhalidwe cha anthu anga, n'kuyamba kufunsa kuti malamulo a bungwe la ogwiritsa ntchito madzi analembedwa ndi yani, komanso m'chilankhulo chanji.

Mwina munganene kuti zimenezi ndikanaziwerenga ndili ku Lilongwe, ndipo simukulakwa, makamaka masiku ano pamene intaneti yafalikira. Koma kuwerenga pa foni bandulo ikutha n'kosiyana ndi kukhala chaka chathunthu wopanda ntchito ina koma kuganiza, laibulale ili yotsegula mpaka usiku, magetsi osazima, pambali panu pali anthu ochokera m'mayiko khumi amene akulimbana ndi vuto lofanana ndi lanu. Ndinachitanso manyazi kuona kuti zotsatira za kafukufuku wa m'mabanja amene ofesi yathu ya kalembera ku Zomba imachita, zimene aliyense angazipeze kwaulere, ndinaphunzira kuzigwiritsa ntchito ndili ku Ulaya, anzanga achizungu atazidziwa kale kuposa ine mwini dziko.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku ndingodutsamo, popeza ambiri anazinena kale. Mu Disembala ku Scotland dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, ndipo mdima umenewo pamodzi ndi kuzizira umalemetsa mtima kuposa mmene munthu wa kotentha angaganizire. Oyandikana nawo nyumba sakupatsani moni pokhapokha mutayamba ndinu. Ufa umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa, koma ndiwo zake sizikoma ngati za kwanu. Chimene chimapweteka ndi maliro: amalume anga anamwalira ndili pakati pa mayeso, ndipo ndinalira ndekha m'chipinda, mwambo wonse ndikuumvera pa WhatsApp. Kumbali ina, foni siyisiya kulira chifukwa kumudzi amakhulupirira kuti amene ali kunja akutola ndalama pansi, pamene ndalama ya sikolashipu anaiwerengera munthu mmodzi, ndipo lamulo la visa limalola wophunzira kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe kuphunzira kunena kuti "pakadali pano sindingathe" kwa mbale wako, popanda kumunyoza ndiponso popanda kudziimba mlandu, nakonso ndi kukula.

Nkhani ya mwana wanu sindiipeputsa, ndipo ndikudziwa kuti ine monga bambo sindinafunsidwe mafunso amene inu mudzafunsidwa ndi apongozi. Kuyambira mu Januwale 2024 boma la Britain linakhwimitsa malamulo, moti ambiri ochita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi saloledwanso kutenga banja, choncho konzekerani ngati munthu amene adzapita yekha. Amayi amene ndinaphunzira nawo n'kumaliza bwino anali amene anakambirana ndi amuna awo zonse asananyamuke: mwana adzakhala ndi yani, ndani adzapita naye kuchipatala, ndalama idzayenda bwanji. Amene ananyamuka nkhani ili yosatha ankakhala ndi thupi m'kalasi koma mtima uli kunyumba.

Tsopano za anzanu aja amene anabwerera pa desiki yomwe ija. Ndikuwamvetsa, chifukwa ine ndinakhala pa giredi yanga zaka zina ziwiri nditabwerako. M'boma munthu sakwezedwa chifukwa chakuti wabwera ndi pepala. Pamayenera kupezeka mpando wopanda munthu, pachitike mayeso a ntchito, ndipo pamzere pali ena amene anadikira nthawi yaitali kuposa inu. Komanso ndinalakwitsa ndekha. Mwezi woyamba ndinalemba malipoti atatu osonyeza zimene ofesi yathu inkalakwitsa, ndipo pamsonkhano uliwonse pakamwa panga pankatuluka mawu akuti "kunja amachita motere". Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma wobwerera kwawo si mlendo. Anzake amakumbukira tsiku limene anayamba ntchito osadziwa kudzaza fomu ya alawansi, ndipo kalumo kake amakayang'ana ndi diso lokayika. Bwana wanga wina wachikulire anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndisankhe sikimu imodzi, ndikachite zimene ndikunenazo, zotsatira zake zidzalankhule zokha.

Mbiri yathu ili ndi zitsanzo za obwerera. John Chilembwe anapita ku America mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anakamanga mishoni ndi sukulu ku Mbombwe ku Chiradzulu, pakati pa anthu ake. Dr Kamuzu Banda anaphunzira udokotala ku Meharry ku America ndi ku Edinburgh, anakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo atafika mu 1958 ankalankhula pamisonkhano m'Chingerezi womasulira ali pambali. Sindikuyerekeza ntchito za anthu awiriwa, ndikungotengapo chithunzi cha womasulira uja, chifukwa aliyense wobwera ndi digiri ya kunja amakumana ndi vuto lomasulira. Ine ndinazindikira kuti ndaphunziradi tsiku limene ndinakhala pansi pa mtengo ndi komiti ya alimi, n'kufotokoza zonse za kafukufuku wanga m'Chichewa popanda liwu limodzi la Chingerezi, ndipo mayi ena a kumunsi kwa ngalande anati izi n'zimene akhala akunena zaka zonsezi koma palibe ankawamvera.

Phindu la pantchito linabwera pang'onopang'ono ndiponso podzera kumbali. Ndinayamba kupatsidwa ntchito yolemba mapempho a ndalama za chitukuko chifukwa ndinkatha kuyala mfundo ndi umboni wake. Mnzanga wa m'kalasi wa ku Kenya anandilumikiza ndi gulu la ochita kafukufuku limene ndinagwira nalo ntchito zaka zitatu. Pamene mpando unapezeka, pepala lija linandilowetsa pa mndandanda wa oyitanidwa, koma chimene chinandipambanitsa chinali sikimu imodzi ija.

Ngati mwatsimikiza, njira zilipo. Chevening, thandizo la boma la Britain limene linayamba mu 1983, limafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito maola osachepera 2,800, asankhe maphunziro atatu, ndipo alonjeze kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri akamaliza. Palinso masikolashipu a Commonwealth, a Beit Trust amene ndi a anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiponso a Canon Collins Trust. Masiku otsekera amasintha chaka ndi chaka, choncho muziona pa masamba awo enieni, ndipo aliyense wokuuzani kuti mumulipire kuti akupezereni malo ndi wakuba. Pa visa mudzafunika kuyezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezeka ndi boma la Britain. Tchuthi cha maphunziro chikhale cholembedwa ndi chosainidwa musanakwere ndege, muwerenge bwino zaka zimene mukulonjeza kudzagwira mukabwerako, ndipo mufunse ku National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede kuno kwathu, za kuvomerezeka kwa digiri imene mukufunayo musanaiyambe.

M'kalata yanu munatchula mongodutsa kuti alimi a m'dera lanu amalandira uphungu wa ulimi wa mtayakhasu, amauyesa chaka chimodzi, kenako amabwerera ku mizere yawo yakale, ndipo simumvetsa chifukwa chake. Ine ndikanakhala inu ndikanamanga pempho lonse pa funso limenelo. Yambani tsopano kulemba m'kope zimene alimiwo amakuuzani, mudzi ndi mudzi, makamaka amayi amene ndiwo amapalira, ndipo posankha maphunziro atatu aja muyang'ane kumene kuli mphunzitsi amene anachitapo kafukufuku wa alimi ang'onoang'ono kum'mwera kwa Africa. Mukalemba nkhani zanu zofunsira malo munditumizire pa imelo yomweyi, ndidzaziwerenga.