Funsani Alangizi: Kodi tomato wa nthawi ya mvula ku Mzuzu angatheke popanda greenhouse?

Funso: Zikomo alangizi. Ndimakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kuli kamalo ka mamita 8 mulitali ndi mamita 5 mulifupi pamene ndimalimapo tomato. M'chilimwe amabereka bwino, koma chaka chino nditawokera mu Januwale masamba anayamba kuda ngati awauka ndi moto, zipatso zinachita zigamba zoderako, ndipo pasanathe milungu iwiri dimba lonse linatha. Mnzanga wa kumpingo akundiuza kuti ndigule greenhouse, nyumba ya pulasitiki yolimiramo mbewu. Kodi mankhwala ake ndi amenewo, kapena ndikhoza kupitiriza kulima pamtetete? Ndine mayi wa ku Chibavi.

Yankho: Mayi, pepani kwambiri, chifukwa kuona mbewu imene mwaisamalira kuchokera ku nazale ikutha m'masiku owerengeka ndi chinthu chowawa. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za chiwawu, matenda omwewo amene amagwiranso mbatata ya kachewere. Mukadzaonanso tsamba lotere m'mamawa, mulitembenuze; kunsi kwake, m'mphepete mwa chigamba chakudacho, mudzapeza tinthu toyera tonga nguwi, ndipo timeneto ndi timene mphepo ndi madontho a mvula zimatenga kukasiya pa mbewu zina. Chiwawu chimakonda nyengo yozizira komanso tsamba lokhalitsa lili lonyowa. Mzuzu, amene ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, amakhala ndi zonse ziwirizi: mvula imachedwa kusiya mpaka mu Epulo kapena Meyi, kenako kumabwera mawawa ndi nkhungu za mu Juni ndi Julayi.

Mnzanuyo sananame, koma ndikufuna mumvetse chimene greenhouse imachita kuno kwathu. Kumaiko ozizira amaimangira kutentha, pamene ife chimene timafunamo kwenikweni ndi denga loti tsamba lisanyowe. N'chifukwa chake sindikukulangizani kuti muthamangire kugula yachitsulo yokwera mtengo musanayese njira yapafupi. Zikani mapolo a bulugama, muyale nsungwi pamwamba, ndipo mufolere ndi pulasitiki wopangira ntchitoyi, wochindikala mamaikuloni 200, amene sang'ambika msanga ndi dzuwa. Pulasitiki wamba wofolera nyumba amauma n'kuyamba kuthetheka m'miyezi yochepa. Denga likhale lotsetsereka ndiponso lalitali kuposa mamita awiri ndi theka, ndipo m'mbali musatsekemo ndi pulasitiki. Muikemo neti kapena musiye potseguka kuti mphepo izidutsa. Shedi yotsekedwa mbali zonse imachita thukuta usiku, madzi n'kumadontha kuchokera kudenga, ndipo chiwawu chimene mumathawa chija chimakupezani m'kati momwemo. Mu Okutobala namonso mumatentha kwambiri, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 32 maluwa amayoyoka osagwira zipatso.

Pali chinthu china chimene denga silingachize, ndicho nthaka. Zikuoneka kuti malo anu ndi amodzi omwewo chaka ndi chaka, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa kuposa chiwawu. Tomato akabwerezedwa pamodzimodzi, m'nthaka mumachuluka tinyongolotsi totupitsa mizu ndiponso matenda ofotetsa mbewu idakali yobiriwira. Mukaona mbewu yafota chonsecho pansi pali ponyowa, dulani tsinde lake chakunsi n'kuviika nsonga yodulidwayo mu tambula ya madzi oyera. Ngati pakapita mphindi zochepa muona timikwingwirima toyera ngati mkaka tikutsika m'madzimo, dziwani kuti matendawo ali m'nthaka ndipo kupopera mankhwala sikungathandize. Malo otere amafunika kupuma zaka zosachepera zitatu osadzalapo tomato, kachewere, mabiringano, tsabola kapena fodya, pakuti zonsezi ndi za banja limodzi. Popeza kamalo kanu n'kochepa, dzalani m'matumba odzaza dothi lochokera pamalo amene sipanalimidwepo mbewuzi, losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, ndipo mubowole matumbawo kunsi.

Pansi pa denga dzalani mtundu wopitiriza kukula monga Money Maker, muumangirire ku chingwe, ndipo muzichotsa mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba zidakali zazing'ono. Thirirani patsinde m'mawa, osati pamasamba, ndipo muzithirira mofanana tsiku ndi tsiku, chifukwa mbewu imene imamwa lero n'kukhala ndi ludzu masiku atatu imabereka zipatso zowola kunsi. M'shedi mphepo imachepa, choncho maluwa akatuluka muzigwedeza zingwezo pang'ono dzuwa litakwera kuti mungu ugwe.

Kulima pamtetete musakusiye. Mukafesa mu Julayi n'kuwokera mu Ogasiti, mbande zitakwanitsa milungu inayi kapena isanu, mudzakolola mvula isanakhazikike, ndipo mitundu yaifupi monga Tanya ndi Rodade imachita bwino popanda denga. Siyani masentimita 60 pakati pa mbewu, zikani timitengo, phimbirani ndi udzu wouma kuti dothi lisathovukire pamasamba, ndipo muchotse masamba am'munsi okhudza pansi. Mankhwala monga Dithane M-45 ndi a kopa amateteza tsamba lomwe lisanadwale. Sachiza lomwe lada kale. Powapopera tsatirani mlingo wolembedwa pa paketi, valani zodzitetezera, ndipo dikirani masiku amene alembedwapo musanathyole, pokumbukira kuti tomatoyu akudyedwa ndi ana anu omwe.

M'chilimwe adani ndi ena. Akangaude ofiira amabisala kunsi kwa masamba, ndipo kambozi ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamalowa m'kati mwa tsamba n'kusiya zigamba zoyera zoonekera ngati pepala, kenako kamaboola chipatso pafupi ndi pamene chimagwirira ku nthambi. Tsamba lotere lithyoleni msanga n'kulikwirira mozama kapena kulitentha, osalitaya pa kompositi. Ngati chizindikiro china chikukusokonezani, ikani mbewu yodwalayo mu jumbo n'kukaonetsa alangizi a zaulimi a m'dera lanu kapena akatswiri a ku Lunyangwa Research Station, komwe kuli mumzinda wanu womwewo, musanawononge ndalama pa mankhwala osayenera.