Musathamangire magalasi, ayambe ayezedwa presha ya m'maso

Achemwali, chonde bambo anuwo musathamangire kuwagulira magalasi. Pamene mwati akumagunda mipando ndipo munthu akabwera cham'mbali sakumuona mpaka atafika patsogolo, ine ndachita tsembwe.

Mayi anga zinayamba chonchi mu 2019. Kupunthwa pa ndowa, kugunda phewa pa chitseko, ife n'kumati ndi ukalamba basi. Ndinawatengera ku shopu ina ya magalasi yomwe inalemba pagalasi kuti kuyeza n'kwaulere. Mnyamata wake anangowawerengetsa zilembo zapakhoma, maso onse awiri ali chitsegulire, mphindi zisanu sizinakwane, kenako watikokera kale kokasankha mafelemu. Ndinalipira. Patatha chaka tinabwererako chifukwa palibe chinasintha, iye akuti maso sanazolowere, tisinthe malenzi. Ndinalipiranso! Osayeza presha, osaunika m'kati mwa diso, ngakhale kungonena kuti amayi pitani kuchipatala, ayi. Iye maso anali pa chikwama changa. Mpaka lero ndikadutsa pa shopu imeneyo mtima umandiwawa.

Tinafika ku chipatala cha maso cha Lions, ku Queens kuja ku Blantyre, mu 2022. Adokotala anawaphimba diso lakumanzere ndi dzanja, n'kuimika zala ziwiri patsogolo pawo penipeni, akuti mayi ndaimika zala zingati? Mayi ali phee, manja ali pa chitenje, akudikira. Kenako anafunsa kuti, "Kodi mwayamba kale adokotala?" Zala zili pamphuno pawo pomwepo. Ine miyendo inazizira. Anawadontheza mankhwala, kuyeza presha, diso lakumanja 38, pomwe yabwino imakhala pakati pa 10 ndi 21. Akuti ndi glaucoma. Madzi a m'diso satuluka bwino, presha imakwera n'kumapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali, popanda ululu. N'chifukwa chake zilembo zapakhoma zija ankawerenga bwinobwino, pakati pankaonabe, komanso diso linalo linkabisa vuto. Ndinafunsa za opaleshoni, poti azakhali anawachotsa ng'ala ku Nkhoma ndipo akuona mpaka kulowetsa ulusi pa singano. Adokotala anapukusa mutu. Ng'ala imachotsedwa, munthu n'kuonanso, koma mtsempha ukafa wafa. Chomwe chinatsala ndi kupulumutsa diso lakumanzere. Mayi akutuluka anandifunsa motsitsa mawu ngati magalasi aja aziwavalabe, poti ndinawononga ndalama zambiri. Ndinalira mu minibasi njira yonse.

Panopa akudontheza timolol, mankhwala otsitsa presha ya m'maso, m'mawa ndi madzulo, moyo wawo wonse, ndipo likangotsala pang'ono kutha botolo ine tulo sindigona.

Ndiye atengereni kuchipatala cha maso, Lions ya ku Queens, ya ku Kamuzu Central ngati muli ku Lilongwe, Nkhoma kapena Mzuzu Central. Mukauze adokotala zomwe mwatiuza kunozi, mawu omwewo. Ayeze diso lililonse palokha, ayeze presha, aunike kumbuyo kwa diso. Ngati bambo ali ndi shuga kapena BP munene, shuga naye amadya maso mwakachetechete ndipo woteroyo amayenera kuyezedwa chaka chilichonse. Ngati ali ndi mphumu muneneso, chifukwa timolol sagwirizana nayo. Musawasiye apite okha, mankhwala okulitsa kamwana ka diso aja amachititsa chifunga kwa maola angapo ndipo dzuwa limathobwa kwambiri, atenge chipewa. Buku lakuchipatala musaiwale, ndipo mulawire.

Komabe ngati transipoti yavuta mwezi uno, musangokhala, pitani ku shopu ya magalasi yomwe muli nayo pafupi. Si onse ali ngati mnyamata uja, ena ndi ma optometrist enieni, akatswiri oyeza maso, ophunzira ku Mzuni ndipo makina a presha ali nawo. Mungofunsa pakhomo pomwe musanakhale pansi kuti presha mumayeza? Akayamba kukuonetsani mafelemu, tulukani. Magalasi owerengera a pamsika aja inenso ndili nawo, munthu ukadutsa zaka 40 zilembo za pafoni zimayamba kuthawa, amathandiza ndithu, koma za bambo anuzi si zimenezo.

Ndipo akawapeza ndi glaucoma, inu ndi abale anu nonse mukayezetsenso, imayenda m'magazi. Ife tilipo anayi, mchimwene wanga wamkulu anamupeza nayo chaka chatha.