Mwana wasankhidwa kupita ku Scotland, koma bambo ake akukana

Mayi ena a ku Zomba andilembera imelo, ndipo andilola kuwayankha pano osatchula dzina lawo. Nkhani yake ili motere: mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, sukulu yake ili pa ubale ndi sukulu ina ya ku Scotland, ndipo wasankhidwa pamodzi ndi anzake angapo ndi aphunzitsi awiri kuti akakhale kumeneko masabata atatu. Azikagona m'makomo mwa makolo a ana a sukulu ya kumenekoyo. Bambo ake a mwanayo akukana kwamtuwagalu. Akuti mtsikanayo akabwerako ali wamwano, akuvala zosalongosoka, akuona kwawo ngati kuthengo. Mayiwo akumaliza ndi funso lakuti: "Kodi ulendo wotere phindu lake n'chiyani, poti si sikolashipu ndipo sakatengako satifiketi?"

Mayi, yankho langa n'lakuti mwanayo apite. Koma tiyambe ndi nkhawa imene bambowo sanaitchule, yomwe kwa ine ndiyo yoyamba: kodi ulendowo ndi weniweni? Tonse tinamva za amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito yabwino, n'kukalandidwa mapasipoti. Atambwali saona msinkhu. Choncho pitani nokha kwa ahedi, muone kalata yoitana yochokera ku sukulu ya ku Scotland, mudziwe mayina a aphunzitsi operekeza anawo ndi adiresi ya banja limene mwana wanu akagoneko. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu kuti "malo asaphonyeke", imani pomwepo. Kuli bungwe la Malawi Scotland Partnership ku Lilongwe, ndi linzake la Scotland Malawi Partnership ku Edinburgh, amene amayendetsa nkhani za maubale otere. Kufunsa kumeneko si kulakwa.

Ubale wa mayiko awiriwa si wadzulo. David Livingstone, amene anafika ku nyanja yathu mu 1859, anabadwira m'tauni yaing'ono yotchedwa Blantyre, kufupi ndi Glasgow, ndipo mzinda wathu unatenga dzina kumeneko pamene amishoni anakhazikika mu 1876. Nyumba imene anabadwiramo tsopano ndi malo osungirako mbiri yake, ndipo ndingadabwe ngati anawo sakawatengerako. Kamuzu naye anaphunzira za udokotala ku Edinburgh. Mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe anali mtsogoleri wa boma la Scotland, anasainirana pangano la mgwirizano, ndipo kuyambira nthawi imeneyo maubale a masukulu, mipingo ndi zipatala anachuluka. Ndiye mwana wanu sakupita kwa anthu osalidziwa dzina la Malawi.

Koma apa ndiye pagona nkhani. Ana ambiri a ku Scotland amadziwa Malawi kudzera m'phala la Mary's Meals, bungwe limene linayambitsidwa ndi munthu wa kwawo, Magnus MacFarlane-Barrow, ndipo linayamba kudyetsa ana a sukulu kuno mu 2002. Amasonkha ndalama, amaona zithunzi za ana ali pamzere makapu ali m'manja. Ntchitoyo ndi yabwino, sindikuinyoza. Koma chithunzi cha Malawi chimene chili m'mutu mwawo n'chimenecho basi. Mwana wanu akakhala Mmalawi woyamba amene ena a iwo adzadye naye patebulo limodzi, ndipo akamufunsa mafunso, ena anzeru, ena opusa ndithu: kodi kwanu kuli magetsi, kodi munaonapo mkango pakhomo, bwanji ukulankhula Chingerezi? Mwana amene sanakonzekere amangoseka mwamanyazi, kapena amavomera zonse kuti amumvere chisoni ampatse foni. Wokonzekera amafotokoza. Amanena kuti magetsi alipo koma amathimathima, ndipo ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire. Kuti tiyi amalimidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kuti mpunga wa Kilombero umene masukulu ena a ku Scotland amagulitsa umachokera ku Karonga. Kuti kwa Achewa ambiri mwana amawerengedwa wa kuchikazi ndipo malume amakhala ndi mawu. Phindu loyamba la ulendowu n'limenelo: mwana amakakamizika kulifotokoza dziko lake kwa munthu wosalidziwa, ndipo pofotokozapo amazindikira zimene iye mwini sakuzidziwa. Akabwerako mudzamuona akufunsa agogo ake zinthu zimene kale analibe nazo ntchito.

Choncho musataye nthawi yonse mukusaka majekete pa kaunjika. Khalani naye pansi madzulo, bambo ake alipo, mumufunse mafunso ngati ndinu mzungu. Adziwe kuphika nsima yekha, atenge ufa pang'ono kuti tsiku lina akaphikire banjalo. Atenge chitenje cha mayi a nyumbayo, tiyi, khofi wa ku Mzuzu, ndi bawo laling'ono ngati amadziwa kusewera. Nyama ndi zamkaka asatenge, siziloledwa kulowa nazo ku Britain. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye asakafike manja lendelende ngati wodzapempha.

Phindu lachiwiri lili m'khitchini mwa banja lomulandiralo, osati m'nyumba zosanjikizana zimene akajambulitse. Taganizani usiku woyamba. Mayi a nyumbayo akumufunsa ngati akufuna chakudya. Mwana wanu, poleredwa bwino, akuti "ayi, ndakhuta", akuyembekezera kuti amukakamiza kawiri katatu monga timachitira kuno. Mayi aja akungoti chabwino, n'kubweza mbale m'firiji. Mwana akugona ndi njala, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa kumeneko munthu akati ayi amamukhulupirira. M'mawa akumuuza kuti azitsegula firiji yekha, chinthu chimene kuno mlendo sangayerekeze. Akupeza bambo a nyumbayo akutsuka mbale, galu atagona pa sofa, mwana wa zaka khumi akutsutsana ndi bambo ake patebulo popanda womudzudzula. Akafuna kugwada popereka kapu ya tiyi anthu akudzidzimuka. Akayang'ana pansi polankhula ndi wamkulu akuganiza kuti wakhumudwa kapena akubisa kanthu. Muuzeni zonsezi asananyamuke. Muuzeni kuti akafuna chinthu anene, akadwala anene, akapanda kumva afunsenso, chifukwa Chingerezi cha ku Glasgow chimagwetsa ulesi ngakhale aphunzitsi a Chingerezi masiku oyamba.

Ndipo akaonanso zimene sizimaoneka pa TikTok. Akaona anthu ogona m'misewu ya Glasgow kuli chisanu choopsa. Akamva kuti agogo a m'banjalo amakhala ku nyumba yosungirako okalamba, ana awo amangokawaona Lamlungu. Akadutsana ndi aneba osapatsana moni. Akaona matchalitchi akuluakulu amiyala muli anthu owerengeka, ena atasandutsidwa malo odyera, m'dziko lomwelo limene linatumiza amishoni ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake savuta kumuuza kuti kunja si kumwamba. Wovuta ndi amene amaona Ulaya pa foni pokha.

Apa ndiyankhe bambo. Bambo, nkhawa yanu ndikuimva, ndipo sindinama kuti mwana abwerako ali chimodzimodzi. Adzafunsa chifukwa chake mchimwene wake satsuka mbale. Adzadandaula basi ikachedwa kunyamuka, poti waona sitima yonyamuka pa mphindi yolembedwa. Mwina sabata yoyamba adzalankhula chokhotetsa lilime. Zimenezo zimatha zokha anzake akamuseka kawiri. Koma ulemu umene mwauphunzitsa zaka 16 suthera m'masabata atatu. Ngati ungathe msanga chotero, ndiye kuti ukanatha ngakhale ku yunivesite ku Zomba komweko. Mafunso amene adzabwere nawo muwayankhe, musawatseke pakamwa. Ena mudzapeza kuti muli ndi yankho labwino, ena mudzapeza kuti mulibe.

Za mapepala ndidutse mwachangu. Pasipoti iyambidwe lero, osati mwezi wonyamuka. Viza ya alendo ya ku Britain imalola munthu kukhala mpaka miyezi 6, ndipo kwa mwana wosafika zaka 18 pamafunika chilolezo cholembedwa cha makolo ndi umboni wa amene akamusamalire kumeneko. Apa ndiye kuti siginecha ya bambo ikufunika, si nkhani yochita mobisa. Amalawi ambiri amakanizidwa viza chifukwa cha mapepala osakwanira, choncho sukulu isagule matikiti osabwezeka viza isanatuluke. Ndege yolunjika ku Britain kuchokera kuno kulibe. Adzasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Funsaninso za inshuwalansi ya chipatala, ndipo mwana aloweze pamtima nambala yanu, ya mphunzitsi wake ndi 999, yomwe ndi ya zangozi kumeneko. Pasipoti ikhale kwa iye kapena kwa mphunzitsi wochokera naye kuno, osati kwa munthu wina aliyense.

Mufunsenso mwezi wa ulendowo. Masukulu a ku Scotland amatseka kumapeto kwa Juni n'kutsegula pakati pa Ogasiti, ndiye ulendo wa mu Julayi ndi wokaona malo chabe, sakalowa m'kalasi. Akapita mu Juni akapeza dzuwa likulowa cha m'ma 10 koloko usiku ndipo tulo lidzamuvuta. Akapita mu Disembala kumada 4 koloko isanakwane. Kukhala Fomu 3 kwamuthandiza, chifukwa chaka chamawa MSCE sidzamupatsa mpata wotere.

Pomaliza pa funso la satifiketi. N'zoona, sakabwera ndi pepala. Koma amene amasankha ana opita ku masukulu a United World Colleges, amene amalandira ophunzira ochokera m'mayiko osiyanasiyana, monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, safuna magiredi okha; amafunsa munthu zimene anachitapo pakati pa anthu osiyana naye. Mugulireni kope lachikuto cholimba, azilemba tsiku lililonse chimene chamudabwitsa ndi chimene iye wadabwitsa nacho ena.

Chinanso choti mukafunse ahedi n'chakuti ana a ku Scotland aja adzabwera liti kuno, ndipo adzagona kuti. Ngati yankho ndi lakuti ku loji, kanenepo pa msonkhano wa makolo. Mwana wawo adzagone kwanu, adzadye nsima ya therere ndi manja, adzasambe madzi a m'ndowa, bambo a mwana wanu adzamufunse okha mafunso onse amene ali nawo.