Kodi tingatani kuti chipatala chizigula mbewu zathu?

Funso: Ndife kalabu ya alimi a kudimba m'boma la Dedza ndipo timalima kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba. Mavenda amatigula pa mtengo wolira, chonsecho chipatala chomwe tayandikana nacho chimaitanitsa ndiwo kuchokera kutali. Titapita kukafunsa, anatibweza ponena kuti tilibe mapepala. Kodi mapepalawo ndi ati? Mlembi wa kalabu, Dedza.

Yankho: A mlembi, amene anakubwezaniwo sanakulakwireni, chifukwa chipatala cha boma chimagula katundu motsatira lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, ndipo sichiloledwa kulipira gulu losalembetsedwa. Pemphani alangizi a zaulimi akuthandizeni kulembetsa kalabu yanu ngati kopaletivi ku Unduna wa Zamalonda, kenaka mutenge nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, mutsekule akaunti ya gulu kubanki, ndi kulembetsanso ku PPDA. Mukatero mudzakhala m'gulu la omwe angapemphedwe koteshoni, chikalata chonena mitengo ya katundu wanu.

Komatu mapepala ndi mbali yopepuka. Chomwe chimagwetsa magulu ambiri n'chakuti wodwala amadya tsiku lililonse, ndipo mkulu wa kukhitchini amafuna munthu amene adzafike ndi kabichi Lolemba m'mawa, kaya ndi mu Ogasiti pamene madimba ali tho ndi masamba, kaya ndi mu Febuluwale pamene madzi asefukira ndipo tomato akuwola. N'chifukwa chake amakonda wamalonda wa galimoto ngakhale mtengo wake uli wokwera. Inu gawanani ntchito: musafese nazale tsiku limodzi nonse, koma muzisiyanitsa masabata awiri, ndipo ena akhale ndi minda ya kumtunda yoti ikupulumutseni nthawi ya dzinja.

Samalaninso ukhondo wa katundu, pakuti akudya ndi anthu ofooka kale m'thupi. Nyemba zikhale zopetedwa bwino, zopanda miyala kapena zofumbwa, mtedza wachuku usalowe m'thumba, ndipo masamba opopera asathyoledwe masiku olembedwa pa botolo la mankhwala asanakwane.

Za malipiro ndikuuzeni mosabisa kuti ndalama za boma nthawi zambiri zimachedwa, mwina miyezi ingapo, ndipo gulu lopanda kangachepe kosunga limatha kupasuka anthu akuganizirana kuba. Musatsitse ngakhale thumba limodzi musanalandire chikalata cha oda chotchedwa LPO, ndipo wosunga katundu asayinire kulemera kwa zomwe mwapereka inu mukuona sikelo.

Ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndi oda yaing'ono ya mbewu imodzi, monga nyemba zomwe sizichedwa kugulika kwina oda ikalephereka. Kagogodeninso ku zipatala za mishoni za CHAM ndi ku sukulu zogonera komweko, ndipo mufunse ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu ngati kuli sukulu zimene zimagula chakudya cha ana kwa alimi a m'deralo, monga zimachitikira m'sukulu zina zothandizidwa ndi bungwe loona za chakudya pa dziko lonse la WFP.