Chotsani kaye chala pa moto, kenako kwezani giya

Achimwene, mwafunsa ngati muyenera kusiya moto posintha giya pa Honda TRX420 yanu, njinga yamoto ya matayala anayi yosinthira kuphazi, popeza ilibe chogwirira cha klatchi. Eya, siyani, nthawi iliyonse.

Klatchi ilimo, kungoti simuiona, ndipotu alimo awiri. Yoyamba imagwira yokha injini ikayamba kuthamanga, n'chifukwa chake njingayo siizima mukaima ili mu giya. Yachiwiri imatseguka kwa kamphindi pamene phazi lanu likunyamula chitsulo cha giya. Ndiye mukanyamula chitsulocho chala chachikulu chikadakanikiza moto pa chiwongolero, injini imalira yopanda katundu, klatchi n'kutseka mwamphamvu, njinga n'kudumpha. Kudumphako anyamata ena amakukonda, koma mkatimo mbale za klatchi zikupsa ndipo mano olumikiza magiya akudyeka.

Ine ndinazionera pa famu ina ku Limpopo, komwe tinkakoka ngolo ya malalanje ndi njinga yotereyi. Mnzathu wina ankasintha osasiya moto. Giya 2 inayamba kutuluka yokha pachitunda, ndipo tsiku lotsitsa oyilo anatuluka wakuda bii, wonunkha chopserera, tizitsulo tikunyezimira pansi pa beseni. Mtima unandiwawa, chifukwa njingayo inali isanakalambe.

Chitani chonchi: chala chichoke, phazi linyamule mpaka giya ilowe, phazi libwerere, moto ubwere pang'onopang'ono. Zonsezi n'zakamphindi, liwiro silitayika. Phazi lisamagone pa chitsulocho mukuyenda, chifukwa limatsegula klatchi mwatheka.

Potsitsa giya m'pamene ndimakuoperani kwambiri. Chepetsani kaye liwiro ndi mabuleki, kenako tsitsani imodziimodzi. Mukaponya giya yaing'ono mukuthamanga, matayala akumbuyo amakwekwereza, ndipo pa matope kapena potsetsereka njinga imapingasa msewu, mwina kukugudubuzirani pansi. Chitunda muzichionera patali, giya yokwerera ilowe musanachiyambe. Kusintha pakati pa chitunda moto uli wambiri kumadzutsa matayala akutsogolo.

Inu amene mumati simusiya moto pa njinga yanu, mwina yanu ndi ya lamba, monga Yamaha Grizzly kapena Polaris Sportsman. Imeneyo imadzisinthira yokha poyenda. Koma nayonso polowetsa H (giya yothamangira), L (giya yamphamvu) kapena R (yobwerera m'mbuyo), imani kaye, gwirani buleki, injini itsike, kenako musunthe ndodo ya giyayo.