Kuchoka pa breadboard kupita pa bolodi lenileni: yankho kwa achimwene a ku Lizulu

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amakonza mafoni ndi mawailesi pa Lizulu. Ndaidula pang'ono:

"Ndinapanga makina ofungatira mazira ndi Arduino Nano, DHT22, LCD ndi relay. Amayendera batire la sola la 12V, hita yake ndi ya 60W, muli kafani ndi kamota kotembenuza mazira. Mazira akuswa bwino, moti alimi ena a nkhuku za mikolongwe akufuna ndiwapangire awo. Koma zonse zili pa breadboard, mawaya amazuka, ndipo nthawi zina relay ikangogunda Arduino imayambiranso. Ndikufuna kupanga PCB. Ndiphunzire pulogalamu iti? Nanga bolodi ndipange pakhomo kapena ndiitanitse kunja?"

Kwa amene simuzidziwa: Arduino Nano ndi kakompyuta kakang'ono koyendetsa makinawo, DHT22 ndi sensa yoyeza kutentha ndi chinyezi, relay ndi switchi yoyatsidwa ndi magetsi, breadboard ndi kabolodi koyeserera kongosomekapo mawaya, ndipo PCB ndi bolodi lenileni la tinjira ta kopa. Achimwene, mwayamba bwino, chifukwa muli ndi chinthu chogwira kale ntchito komanso anthu ochifuna. Za pulogalamu sindichedwapo. Tengani KiCad. Ndi yaulere, imalowa pa Windows, Linux ndi macOS, ndipo mukangoitsitsa kamodzi simufunikanso bandulo kuti mujambule. Anaiyambitsa ndi Jean-Pierre Charras ku Grenoble, France, mu 1992, ndipo pambuyo pake akatswiri a ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, anaikapo dzanja lawo, choncho musaione ngati choseweretsa cha ana asukulu. Fayilo yake ndi yaikulu, pezani Wi-Fi pa boma kapena mukopere kwa mnzanu pa flash.

EasyEDA ndi yosavuta, koma mphamvu yake ili pa intaneti ndi pa sitolo ya LCSC ya ku Shenzhen, pomwe inu zipangizo mukagula ku Lilongwe kapena muzula m'mawailesi akufa. Altium Designer ndi ya makampani okhala ndi ndalama. Eagle musavutike nayo, eni ake a Autodesk analengeza kuti June 2026 ndiye mapeto ake. Proteus ija imayenda m'ma flash a ophunzira ndi yabwino poyeserera dera pa kompyuta, koma yambiri ndi yothyola loko, ndipo sindingamangepo bizinesi.

Nkhani yaikulu ili apa: gulani zipangizo kaye, kujambula pambuyo. Mu KiCad mumayamba ndi schematic, chithunzi chosonyeza chomwe chalumikizana ndi chinzake, kenako chipangizo chilichonse mumachipatsa footprint, kutanthauza mabowo ndi malo ake enieni pa bolodi. Pulogalamu siidziwa chomwe wogulitsa anakuikirani m'kapepala. Transistor ya BC547 ndi ya PN2222 zimaoneka ngati mapasa, koma mukayang'ana mbali yophwatalala, miyendo ya BC547 ndi collector, base, emitter, pomwe ya PN2222 ndi emitter, base, collector. Mukajambulira ina n'kugula ina, relay siigunda. Ma terminal omanga ndi sikuluu ena miyendo yake imatalikirana 5.0 mm, ena 5.08 mm, pa miyendo iwiri mutha kukakamiza, pa isanu ndi umodzi salowa. Ndiye mukamaliza kujambula, sindikizani bolodi papepala pa 100%, osalola wa pa stationery kuti akanikize fit to page. Yalani pepalalo pa katoni, tengani chipangizo chilichonse mubayire miyendo yake m'mabowo ojambulidwawo. Relay, LCD, Nano, zonse. Pepala limodzi limeneli limapulumutsa ndalama zambiri kuposa batani lililonse la mu pulogalamu.

Tsopano za Arduino yoyambiranso ija. Mukangokopera mawaya a pa breadboard n'kuwasandutsa tinjira ta kopa momwe alili, vutolo mulisamutsira pa bolodi latsopano. Hita ya 60W pa 12V imakoka 5A. Magetsi amenewo akatuluka ku batire n'kudutsa mu hita, amayenera kubwerera ku batire kudzera pa ground, njira yopita ku negative. Ngati njira yobwererayo ndi yomweyo imene Nano ndi DHT22 zikudalira, nthawi iliyonse hita kapena mota ikayaka, ground ya Nano imagwedezeka. Simungadutsitse lole yodzaza kachewere m'kanjira kopita pa mjigo n'kumayembekeza kuti amayi osenza ndowa ayenda bwinobwino.

Tiwerengere. Kopa wa pa bolodi wamba, amene fakitale imamulemba kuti 1 oz, ndi wokhuthala 35 micrometre. Kanjira ka 0.3 mm m'lifupi kamanyamula 1A n'kutentha pang'ono chabe, pafupifupi madigiri 10 kuposa mpweya wozungulira, malinga ndi chiwerengero cha IPC-2221, muyezo wa opanga mabolodi. Kwa 5A mufunika pafupifupi 2.8 mm, kwa 10A kupitirira 7 mm. Onani kuti sizikwera mofanana: magetsi akachuluka kasanu, m'lifupi mumafunika pafupifupi kakhumi. Kanjira ka 0.3 mm kotalika 10 cm kali ndi resistance ya pafupifupi 0.16 ohm. Mukakadutsitsa 5A, mwataya 0.8V panjira ndipo kakutulutsa kutentha kwa 4W, kapsa basi. KiCad ili ndi Calculator Tools yowerengera zimenezi, koma ine pa hita yanu ndingaike 4 mm kapena kudzaza dera lonse ndi kopa, popeza kopa wotsala pa bolodi salipiritsa.

Kaikidwe ka zipangizo ndiye kamathetsa nkhaniyi, ndipo pamenepa khalanipo nthawi yaitali musanajambule kanjira ngakhale kamodzi. Terminal ya batire, fyuzi, relay ndi terminal ya hita zikhale pamodzi mbali imodzi ya bolodi, moyandikana, kuti 5A ija ilowe n'kutuluka osafika kumene kuli Nano. Nano, LCD ndi waya wa sensa zikhale mbali inayo. Ngati bolodi ndi la mbali ziwiri, mbali yapansi yonse ikhale ground, ndipo musaiduledule ndi tinjira tambiri. Pa mwendo wa magetsi wa chip chilichonse ikani capacitor ya 100 nF, pafupi penipeni, osati kuseri kwa bolodi poti paoneka malo. Polowera 12V ikani yaikulu, monga 470 µF ya 25V. Koilo ya relay ikazimitsidwa imalavula voltage yaikulu yobwerera m'mbuyo, ndiye pamafunika diode, 1N4007 imakwanira, yoikidwa chopingasa pa koiloyo, mzere wake woyera kuloza ku positive. Kamota nakonso kapatseni yake. Ndipo relay ya 5V ya buluu ija imakoka pafupifupi 70 mA pomwe mwendo wa ATmega328P, chip ya pa Nano, sufunika kupitirira 40 mA, choncho transistor pakati ndi yosakambirana.

Mukanandifunsa ine, relay pa hita ndikanaichotseratu. Mazira a nkhuku amafuna kutentha kwa pafupifupi 37.5 °C masiku 21, ndipo kuti musunge pamenepo hita imayaka ndi kuzima usana ndi usiku. Relay ili ndi tizitsulo togundana, timatha. MOSFET, transistor yogwira ntchito ngati switchi, ilibe chogundana. Koma samalani pogula: IRFZ44N ndi imene imapezeka paliponse chifukwa imakhala m'ma inverter, koma imafuna pafupifupi 10V pa gate, mwendo woiyatsira, kuti itseguke yonse. Mukaipatsa 5V ya Nano imatseguka mwatheka n'kumatentha. Funani IRLZ44N, ya L pakatipo. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi zofanana, mwaulemu muuzeni kuti ayi.

Palinso kutentha kwina. Batire la sola likamatchajidwa limafika 14V ndi kupitirira pang'ono. Mukatsitsa kufika pa 5V ndi kachipangizo kotsitsa magetsi ka 7805 pomwe LCD, relay ndi Nano zikukoka 200 mA, zotsalazo, pafupifupi 1.8W, zimasanduka moto pa kachipangizo kamodzi. Ikani heatsink, chitsulo chomwaza kutentha, kapena bwinonso siyani malo a module ya LM2596, imene imatsitsanso magetsi koma osataya ambiri a batire. Kwa mlimi wa ku Tsangano amene dzuwa limamusowa masiku a chiperoni, kusiyanako n'kwenikweni.

Kenako ganizirani munthu amene adzagwire makinawa inu kulibe. Tsiku lina mwana adzatembenuza mawaya a batire, chofiira ku chakuda. Fyuzi ya galimoto ya 7.5A kapena 10A polowera, ndi diode yoteteza mbali ya Nano, zidzachititsa kuti chopsa chikhale fyuzi ya ndalama zochepa. Nano musaiwotcherere pa bolodi, ikhale pa soketi kuti ikafa mungozula. Zipangizo sankhani za miyendo yolowa m'mabowo. Ndikudziwa kuti inu a mafoni tizipangizo ta SMD, tating'onoting'ono towotcherera pamwamba pa bolodi, simutiopa, koma wokonza wailesi wa pa Bembeke kapena Kasinje ali ndi soldering iron ndi mtovu basi, ndipo bolodi likamukanika, mlimi adzataya makina onse. Pa silkscreen, zolemba zoyera za pamwamba zija, lembani m'Chichewa: BATIRE +, BATIRE -, HITA, FANI, MOTA. Fakitale imasindikiza chilichonse mwalemba. Lembaninso nambala ya mtundu wa bolodi ndi chaka, chifukwa pofika lachitatu mudzaiwala lomwe lili kwa yani. Mabowo anayi a 3.2 mm m'makona, a masikuluu a M3, musaiwale.

Wina adzabwera kufuna makina oyendera magetsi a ESCOM ndi mababu. Pa bolodi lanu loyamba kanani. 230V imafuna mpata wa 6 mpaka 8 mm pakati pa mbali ya magetsi aakulu ndi ya 5V, osadzaza ground pansi pake, ndipo ambiri amaboola mng'alu pa bolodi pakatipo. Ndi phunziro lapalokha, ndipo kulakwitsa kwake kumapha munthu. Mpatseni adaputa ya 12V yogula kale, yokwanira 8A kapena 10A.

Nanga kupanga pakhomo? N'zotheka. Mumasindikiza ndi pulinta ya laser, kapena fotokope, papepala lonyezimira ngati la magazini, kuliyala chafufumimba pa copper clad (bolodi lokutidwa ndi kopa) yokwechedwa bwino, kusita ndi simbi mpaka inki itamamatira, kuviika m'madzi kuti pepala lichoke, kenako kumiza mu ferric chloride amene amadya kopa yense wosaphimbidwa. Pulinta ya inkjet siigwira. Tinjira tisachepere 0.5 mm, ndipo mabowo mumaboola nokha ndi 0.8 mm kapena 1 mm. Mankhwalawo amathimbiriritsa zovala mpaka kalekale, amadya chitsulo, ndipo akatha ntchito amakhala odzaza kopa, ndiye musakawathire kudimba kapena m'ngalande yopita kumtsinje. Poyeserera, njirayi ndi yabwino. Pogulitsa, ayi. M'makina anu chinyezi chimakhala pamwamba pa 50%, ndipo masiku atatu omaliza mumachikweza kufika 65% kapena 70%. Kopa wosaphimbidwa amachita dzimbiri lobiriwira m'malo otere. Ngakhale bolodi la ku fakitale, liikeni kunja kwa bokosi la mazira, mkati mungolowa sensa, kutali ndi hita.

Za alimi, itanitsani. JLCPCB ndi PCBWay, onse a ku China, amalandira oda yaing'ono ya mabolodi 5, ndipo bolodi likakhala la mbali ziwiri losapitirira 100 mm mbali zonse, mtengo wake ndi madola ochepa. Chodula ndi kutumiza, kenako msonkho wa MRA, osanenanso mutu wopeza khadi yolipirira m'madola masiku ano. Gwirizanani ndi anzanu awiri atatu, katundu abwere m'phukusi limodzi. Zosankha zisiyeni momwe zilili: FR-4, 1.6 mm, 1 oz, HASL. Musanatumize, yendetsani zofufuzira zolakwa za mu KiCad, ERC pa schematic ndi DRC pa bolodi, mpaka zolakwa zithe, ndipo chenjezo lililonse muliwerenge osangolidumpha. Fakitale mumaitumizira mafayilo a Gerber, omwe ndi zojambula za bolodi zimene makina ake amawerenga, ndi a mabowo mu zip imodzi. Atseguleni kaye mu GerbView, imene imabwera ndi KiCad, muone ngati mzere wa m'mphepete mwa bolodi, wa pa Edge.Cuts, watsekeka. Ndipo ngakhale alimi akhale khumi pamzere, oda yoyamba ikhale ya mabolodi 5 okha. Bolodi loyamba silisowa kosintha.

Akafika, musawotcherere zonse nthawi imodzi. Yambani ndi fyuzi, diode ndi mbali yotsitsa magetsi, lumikizani batire, yezani ndi mita kuti 5V ilipo pa soketi Nano musanaiike. Kenako Nano ndi LCD, kenako MOSFET ndi hita, mukugwira tinjira ta kopa ndi chala kuti mumve ngati pena pakufunda. Makina oyamba ayende opanda mazira kwa masiku angapo, muli thermometer ya kuchipatala pambali pa DHT22, chifukwa sensa imeneyi imatha kuphonya ndi theka la digiri. Ngati mungathe, yeserani usiku wa June kapena July. Kuno ku Dedza ndi kwanuko kuzizira kwa miyezi imeneyi si kocheza, ndipo ndi pomwe mudzadziwe ngati 60W ikukwana kapena mufunika hita yaikulu, zomwe zikutanthauza kukulitsanso tinjira ta kopa ndi fyuzi. Schematic ikatha nditumizireni PDF yake ndiione musanalipire fakitale.