Mtengo ukutani pa mbendera ya asilikali apanyanja?

Mayi wina wanditumizira imelo ataona chithunzi cha mbendera yakale ya ku America: nsalu yoyera, mtengo wobiriwira pakati, pamwamba mawu akuti "An Appeal to Heaven". Akufunsa kuti mtengo ukutani pa mbendera ya zombo zankhondo, nanga kodi si ya tchalitchi?

Mayi, mtengowo sanauikepo pokongoletsa. Ndi paini wa ku New England, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa America chimene chinali pansi pa ulamuliro wa Angerezi, wamtali ndi wowongoka, amene Angerezi ankapangira milongoti ya zombo zawo zankhondo. Lamulo la mu 1691 linati ku Massachusetts, limodzi mwa madera a m'chigawochi, paini aliyense wonenepa mainchesi 24 kapena kuposerapo, womera pamalo amene sanagawiridwe munthu, ndi wa mfumu ya ku England. Akuluakulu a boma ankayenda m'nkhalango n'kumatema chizindikiro cha muvi pamitengo yotereyi. Tangoganizani, mtengo wamera m'nkhalango ya kwanu, koma kuugwetsa ndi mlandu! Zinthu zitafika poipa, mu 1772 eni macheka a ku Weare, ku New Hampshire, anakwapula mkulu wa boma amene anabwera kudzagwira mnzawo. Ndiponso paini anali kale chizindikiro cha Massachusetts, ankaoneka ngakhale pa ndalama zawo zachitsulo zolembedwa chaka cha 1652.

Nkhondo yofuna ufulu itabuka mu 1775, George Washington, mkulu wa asilikali a America, anabwereka tizombo ta matanga kuti tizilanda katundu wopita kwa asilikali a Britain ku Boston. Tizomboti tinafunika chozindikirirana panyanja. Pa 20 Okutobala, mlembi wake Joseph Reed analemba kalata yopereka maganizo a nsalu yoyera, mtengo pakati, ndi mawu aja. Mu Epulo 1776, Massachusetts inaitenga kukhala mbendera ya zombo zake.

Tsono za tchalitchi. Mawuwo akunena za kukadandaula kumwamba, ndipo anthu aja analidi opembedza. Koma gwero lake ndi John Locke, katswiri wa nzeru za ndale wa ku England, amene anaphunzitsa kuti wolamulira akapondereza anthu, padziko n'kusowa woweruza mlanduwo, anthu amaupereka kumwamba, kutanthauza kunyamula zida. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona mphamvu ya mbenderayi: anthu anali atalemba madandaulo ku London mpaka kutopa, mfumu George III osawamvera.

Massachusetts ikadali nayo mbendera yapanyanja ya paini, kungoti mawu aja anawachotsapo mu 1971.